Mbande Yocedwa pa Nazale

Abale anga a kwa Kaomba, ndiri ndi mlandu ndi inu, ndipo sindiubisa iai. Mlanduwo ndiwo mau awa amene tiwamva caka ndi caka m'mwezi wa September, potsegulira sukulu, akuti, "Mwanayu akule kaye." Mau awa amveka ngati cifundo, koma ine nditi ndiwo mbala yakuba zaka za ana athu.

Taonani umo ticitira ndi fodya. Ndani mwa ife asiya mbande pa nazale, mvula yookera itagwa, nanena kuti zikule kaye? Palibe. Tidziwa tonse kuti mbande yocedwa italika niwonda, ndipo tsamba lace pofika ku Chinkhoma ogula alipeputsa. Tidziwanso kuti mbande siizulidwa modzidzimutsa, pakuti masabata otsiriza ticepetsa madzi kuti ikhwime, izolowere dzuwa la kumunda. Nanga cifukwa ninji nzeru imene tiri nayo pa fodya itithawa pa mwana?

Boma linaika zaka 6 zikhale zoyambira Sitandade 1. Ndalama za sukulu, zimene makolo athu anazipeza ndi thukuta, zinacotsedwa m'caka ca 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana ali yense ayenera kulowa sukulu. Koma ife tiyesabe mwana ndi maso, monga anacitira akale pomuuza kuti apitirize dzanja pamutu, agwire khutu la mbali inayo. Muyeso umenewu ngwonyenga. Powerenga ana a dziko lino m'zaka za 2015 ndi 2016, anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Cotero mwana wa zaka 7 akhoza kuoneka ngati wa zaka 5. Njala inamlanda msinkhu. Kodi ife timlandenso sukulu? Tsiku lace lobadwa lilembedwa m'buku la ku sikelo. Tsegulani bukulo, muleke kuyesa ndi maso.

Lingalirani za mwana woyamba ndi zaka 9. Akhala pansi pamodzi ndi tiana, nacita manyazi. Manja ace alimba kale, ndipo pofika February, fodya atacuruka m'cigafa, atate ace amuitana kudzasoka, najomba masiku ambiri. Akakhala mwana wamkazi, atha msinkhu ali Sitandade 4 kapena 5, ndipo a pamudzi ayamba kumuona ngati mkazi wa munthu. Pamenepo tidandaula kuti ana a makono sakonda sukulu, tiiwala kuti tinawacedwetsa ndife.

Wina adzati, "Sukulu iri kutali, mitsinje idzala m'dzinja, ndipo ana acuruka m'cipinda kotero kuti mphunzitsi sangaone wamng'ono." Inde, nzoona, sinditsutsa. Koma mtunda sufupika pakudikira, ndipo cipinda sicicepa anthu caka camawa. Mankhwala ace ndiwo kumperekeza, kapena kumpereka m'manja mwa ana okulirapo a pamudzi, ndi kumkhwimitsa asanapite, monga ticitira ndi mbande.

Kumkhwimitsako sikufuna ndalama, ndipo amai osadziwa kulemba akhoza kukucita. Mwana adziwe kuchula dzina lace lonse, la atate ndi amai ace, ndi la mudzi wace. Awerenge nkhuku polowa m'khola, ndi zitsononkho pokonola cimanga, kufikira khumi. Madzulo mumsimbire nthano, ndipo mawa lace abwereze yekha, pakuti wodziwa kumvera nthano adzamveranso mphunzitsi. Azolowere kupita kucimbudzi yekha ndi kusamba m'manja. Ngati pafupi pali sukulu ya mkombaphala, apite, aphunzire kukhala pakati pa anzace popanda amace. Muyende naye njira ya kusukulu lisanafike tsikulo, aone khomo limene adzalowa. Ndipo m'mawa asacoke ndi mimba yopanda kanthu. Ngakhale phala kapena mbatata yotsala dzulo imthandiza.

Koposa zonse, lekani kuopsa ana ndi sukulu. Inu amene muti, "Dikira, aphunzitsi akakukwapula," mubzala mantha, ndipo mudzakolola mwana wobisala m'chire anzace ali m'kalasi.

Tsono ndipempha mafumu ndi akulu a m'midzi: monga alimi alembetsa maina ao asanafese fodya, momwemonso lembani m'mwezi wa August maina a ana onse ofika zaka 6, nyumba ndi nyumba, ndi kufunsa kholo liri lonse lobisa mwana. Fodya akakanika caka cino, tidzafesa wina caka camawa. Koma caka cacisanu ndi cimodzi ca mwana cibwera kamodzi kokha. Akulu anati, m'mera mpoyamba.