Maondo Akayamba Kudandaula, Tisawakhazike Pansi

Tikafunsa agogo m'mawa kuti, "Mwadzuka bwanji?" yankho timalidziwa kale: "Tadzuka, koma maondowa." Ndiye timawayalira mphasa pakhonde n'kuwauza kuti apumule, ntchito zonse tigwira ndife. Timatero chifukwa chowakonda, koma kukhala pansi tsiku lonse kumangowonjezera vutolo.

Nyamakazi yofala kwambiri ndi imene madokotala amaitcha osteoarthritis. Bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo 365 miliyoni mwa iwo inawagwira m'maondo. Pamene mafupa alumikizana, nsonga zake zimakutidwa ndi chicherewecherewe, kafupa kofewa ndi koterera ngati kamene timakaona kunsonga kwa fupa la nkhuku. Chikaperepeseka, mafupa amayamba kukhulana. Bondo limawawa poyenda, limauma tikangodzuka, ndipo nthawi zina limatupa.

Zina zimene zimachititsa matendawa sitingazisinthe. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 55, ndipo pa odwala 100 alionse, pafupifupi 60 ndi amayi. Ena zimakhala zakumtundu. Koma zinthu zitatu izi tingachitepo kanthu.

Choyamba ndi kulemera kwa thupi. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, koma maondo ndi amene amasenza katunduyo. Ofufuza anapeza kuti munthu wonenepa akachepetsa kilogalamu imodzi yokha, bondo limapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi anayi nthawi iliyonse akaponda. Tichepetseko mitanda ya nsima, shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga, n'kuchulutsa nyemba, masamba ndi zipatso.

Chachiwiri ndi kuvulala. Mnyamata amene wabinya bondo pa mpira n'kubwerera m'bwalo lisanapole akhoza kudzalimva patapita zaka zambiri. Bondo likatupa kapena likamagwedera, tipite naye kuchipatala.

Chachitatu ndi ntchito zogwada, zonjuta ndi zonyamula zolemera tsiku ndi tsiku. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo amayi ambiri amaisenza kangapo pa tsiku. Tigawane ntchitoyi pabanja, tigwiritse ntchito wilibala kapena njinga, ndipo pophika kapena pochapa tikhalire kampando m'malo monjuta.

Nanga n'chifukwa chiyani kungokhala sikuthandiza? M'chicherewecherewe mulibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'timadzi ta mumfundo, ndipo timadzito timalowa ndi kutuluka tikamapinda, kuwongola ndi kuponda, ngati mmene siponji imachitira tikaifinya. Komanso minofu ya m'ntchafu ndi imene imachirikiza bondo. Tikasiya kuyenda imafooka, ndipo ululu umakula.

WHO imalimbikitsa akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kumakwanira. Amene maondo ayamba kale kuwawa ayambe ndi mphindi zisanu kapena khumi pamalo osalala. Angathenso kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuwerenga mpaka 5, n'kuutsitsa pang'onopang'ono, kakhumi mwendo uliwonse. Ndodo si yochititsa manyazi. Tiziigwira ndi dzanja la mbali imene sikuwawa.

Tisamalenso ndi mapilitsi opha ululu ogula pagolosale. Ibuprofen ndi diclofenac, tikamamwa nthawi yaitali, angayambitse zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa okalamba. Tiyambe tafunsa adokotala. Ndipo bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha, thupinso likutentha, tipite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawa agogo akati "koma maondowa," tiwapatse ndodo yawo, tiwagwire dzanja, tiyende nawo mpaka kudimba kapena kwa aneba. Mphasa idzawadikira pobwera.