Chaplin Mutengereni Khama, Osati Khalidwe

Ana anga, makamaka inu a zisudzo ndi zoimbaimba, khalani pansi timve. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Charlie Chaplin anaseketsa dziko lonse osatulutsa liwu. Kachipewa, kandodo, tindevu ta pansi pa mphuno ndi nsapato zomukulira, basi anthu nthiti kuwawa ndi phwete. Komatu anakulira mu umphawi wadzaoneni ku London, kumene anabadwira mu 1889. Bambo ake anali chidakwa, mayi ake a Hannah ankadwala misala, ndipo ali ndi zaka 7 anakamusiya kunyumba yosungirako amphawi ku Lambeth. Kanthu n'khama. Mu 1914 anayamba kusewera mafilimu ku kampani ya Keystone ku America, ndipo mu 1919 iye ndi anzake atatu anatsegula kampani yawoyawo ya United Artists. Pamenepo mutengereni.

Za kunyumba kwake ndi zimene ndikukukanizani. Mu 1918 anakwatira Mildred Harris wa zaka 16, iye ali ndi 29, banja osakhalitsa. Mu 1924 anatenganso Lita Grey, nayenso wa zaka 16, ali woyembekezera kale, ndipo ukwatiwo anakamangira ku Mexico mwakachetechete. Mtsikanayu anali atamulemba yekha ntchito mufilimu ya The Gold Rush. Taganizani, bambo wa zaka 35 ndi mwana amene tsogolo lake lonse linali m'manja mwa bamboyo. Akanakana bwanji? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Banja litatha mu 1927, za kuchipinda zinadzaza manyuzipepala, Chaplin n'kulipira madola 600,000.

Ena amamuikira kumbuyo ati anadzakhazikika ndi Oona O'Neill, anabereka naye ana 8 ndi kukhala naye mpaka pamene Chaplin anamwalira ku Switzerland mu 1977. Inde, sindikana. Koma Oona analowa m'banjamo ali ndi zaka 18, mwamuna ali ndi 54, ndipo kukhazikika kumeneko sikunabwezere Lita ubwana wake.

Inu anyamata amene mwayamba kutchuka, mwana wasukulu wobwera kudzapempha gawo m'sewero lanu ndi mlongo wanu. Ndipo inu makolo, wina wotchuka akaitana mwana wanu wamkazi kuti akamuyese luso, musakomedwe ndi dzina. Nyamukani mupite naye, mukhale pomwepo mpaka atamaliza.