Lamya ya M'manja Isalande Malo a Diso

Masiku ano ophunzira a ku yunivesite salekana ndi lamya zawo za m'manja, ndipo akamalowa m'nyumba zoonetseramo zaluso amalowa nazo. Aphunzitsi ena akuti lamyazi zidzitsala pakhomo. Nkhawa yawo njomveka, koma kuletsa sikuthandiza. Chofunika ndi kuipatsa lamyayo ntchito yoyenera.

Pa Mishoni ya Mua, m'boma la Dedza, pali malo a zaluso a Kungoni amene anakhazikitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. M'nyumba ya Chamare pamenepo muli zosema, zojambula ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Wophunzira wochokera ku Zomba, amene wadzacheza tsiku limodzi lokha, sangasunge zonsezi m'mutu.

Apa ndipo lamya ithandiza. Mphunzitsi angathe kutumiziratu mafunso ulendo usanayambe, kuti aliyense alowe akudziwa chimene akufuna. Wophunzira angalembemo zimene waona, angatape mawu a wolongosola atapempha chilolezo, ndiponso angayerekeze zosemazo ndi zithunzi za pa miyala ya Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Akabwerera ku sukulu, kalasi yonse ikhala ndi pokambira.

Koma choopsa chilipo. Ophunzira ambiri amangojambula ndi kupitirira, poganiza kuti adzaona bwino madzulo. Chithunzi cha pa lamya sichionetsa msinkhu weniweni wa chosema, mtundu wa mtengo, kapena m'mene kasemasema anayendera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsono mphunzitsi wanzeru ayenera kulamula kuti ophunzira ayambe ayang'anitsitsa chinthu chimodzi, lamya ili m'thumba, asanalembe kapena kujambula kanthu.

Palinso nkhani ya ulemu. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ndipo si zonse zoyenera kumwazidwa pa Facebook. Pamene oyang'anira malo aletsa kujambula, wophunzira amvere.

Enanso alibe lamya zamakono kapena ndalama za intaneti. Otere asatsalire m'mbuyo: ophunzira agawidwe m'timagulu kuti lamya imodzi itumikire anthu angapo.

Dziko likufuna akatswiri odziwa zaluso za makolo awo ndi maso awoawo. Mayunivesite ndi oyang'anira nyumbazi agwirizane msanga pa malamulo omveka, kuti lamya ikhale kapolo wa maphunziro, osati mbuye wake.