Kaoneni Mitengo ya Kumanda

Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Marichi 2023, matope nakwirira mudzi wa Ntauchira kuno ku Chiradzulu, anthu ophunzira sadachedwe kupeza wolakwa. Adati ndi mmphawi wakumudzi, poti amabereka mosaganiza, amalima m'phiri ndipo amaotcha makala. Ine chigamulo chimenechi ndikuchikana.

Maganizo awowa si atsopano. Mu 1798 Thomas Malthus adalemba kuti anthu amachuluka msanga kuposa chakudya. Mu 1968 Garrett Hardin adaonjezapo kuti chinthu cha anthu onse sichikhalitsa chifukwa aliyense amangokokera kwake. Ana athu amaloweza zimenezi m'makoleji kenaka n'kubwera kudzaloza chala makolo awo.

Koma tayendani m'midzi yozungulira Nguludi. Paliponse pomwe muone kankhalango kowirira pakati pa minda, dziwani kuti ndi pamanda. Manda ndi a mudzi wonse, alibe mpanda, alibe mlonda wa boma, koma nkhwangwa siifikapo popanda chilolezo cha mfumu. Mayi yemwe akusowa nkhuni amadutsa pomwepo osathyola ndi kanthambi komwe. Nanga a Hardin anganenepo chiyani? Elinor Ostrom adalandira mphoto ya Nobel mu 2009 ataonetsa kuti anthu amatha kusamala chuma cha onse ngati malamulo ake adapangana okha. Agogo athu zimenezi adazidziwa kale.

Funso lomwe ophunzira amalizemba n'lakuti, kodi adakankhira mlimi m'phiri ndani? M'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston lidavomereza kuti azungu akhale eni a malo aakulu kuno kum'mwera. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, anthu ankalipira malo okhala pogwira thangata. Mkwiyo wake udaphulika mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe, pomwe mishoni ya Nguludi idatenthedwa. M'zaka za m'ma 1950 adabweretsa malamulo a malimidwe, kumanga alimi chifukwa cha mizere, nthaka yabwino ili m'manja mwa ena. Munthu amene wamulanda munda lero, mawa sungamuphunzitse kukonda nthaka ndi chikoti.

Sindikukana kuti tachuluka. Mu 1966 tidalipo pafupifupi 4 miliyoni ndipo mu 2018 tidafika 17.5 miliyoni. Sindikukananso kuti mapiri ameteka mpala. Koma kodi thumba la makala lomwe limakwera njinga mbandakucha limapita kuti? Limapita ku Limbe ndi ku Blantyre, kukaphikira nsima ya yemwe uja amalalikira za chilengedwe pawailesi. Woguba ndi njinga ndiye amalandidwa katundu pamsewu, wogula akugona tulo.

Lekani kubwera ndi mbande ndi makamera kamodzi pachaka. Patsani midzi mphamvu zenizeni pa mapiri ake, monga ilili nazo pamanda. Anthu a m'tauni apeze njira ina yophikira. Mukatero mudzaona ngati mmphawi alidi mdani wa mtengo.