Galimoto ya Khrisimasi muigule mukuganiza za Januwale

Chaka chikamapita kumapeto, abale athu okonda magalimoto omwe ali ku Joni, ku Cape Town ndi ku UK amayamba kupangana za kokakumana akabwera kumudzi. Ena amati kunyanja ku Salima, ena ku Mangochi, ena amati tingowotcha nyama mu Lilongwe momwemo basi. Koma ya malo sichedwa kutha. Imene imatenga masiku ndi iyi: aise, ufika pa chiyani? Apa ndiye pamabuka mkangano wa Polo ndi Golf, wa Hilux ndi Ranger, wa BMW ya kaunjika yomwe wina waipeza motchipa ku Birmingham ndi Mark X yomwe mnzake akufuna kuitanitsa ku Japan.

Kukonda galimoto si mlandu. Munthu amene wakhala akudzuka m'bandakucha chaka chonse kudziko la eni ali ndi ufulu wodyerera thukuta lake. Changa n'chimodzi chokha: magalimoto ambiri otere amagulidwa ndi maso a Disembala, chonsecho moyo wake weniweni umayamba mu Januwale. Chisangalalo n'cha sabata ziwiri kapena zitatu. Paja mlendo ndi mame. Mwini wake akabwerera, galimoto ija kawirikawiri imatsala m'manja mwa mng'ono, mlamu kapena bambo, pamodzi ndi matenda ake onse.

Choncho musanayambe kukangana za liwiro ndi marimu, yambani mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani galimotoyo ikugulitsidwa motchipa. Yankho limasiyana malinga ndi dziko lomwe ikuchokera.

Ku Japan kuli lamulo loyeza magalimoto lotchedwa shaken. Galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo ndalama zake ukaphatikiza misonkho ndi inshulansi zimapweteka m'thumba. N'chifukwa chake eni ake ambiri amaigulitsa ikadali ndi mphamvu. Izi n'zabwino kwa ife. Komabe si yonse yochokera ku Japan ili bwino. Magalimoto ogulitsidwa pa okushoni kumeneko amakhala ndi pepala losonyeza giredi yake, ndipo chilembo cha R kapena RA chimatanthauza kuti galimotoyo inawonongekapo, nthawi zambiri pangozi, n'kukonzedwa. Wogulitsa akamakutumizirani zithunzi zonyezimira koma pepalalo akulibisa, dziwani kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku UK nkhani ndi ina. M'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti isaterere, ndipo mchere umenewo umadya galimoto kunsi. Pamwamba penti ili phuliphuli, kunsi dzimbiri lokhalokha. Komanso kuyambira mu Ogasiti 2023, lamulo la ULEZ linafalikira mu London monse, moti galimoto yakale yotulutsa utsi wopyola muyezo imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse ikayenda mumzindawo. Za dizilo zosafika muyezo wa Euro 6 ndi zina mwa zomwe zinakhudzidwa, ndiye eni ake ena amafuna kungozichotsa pakhomo. Ubwino wake, ku UK mbiri ya galimoto sibisika. Ndi nambala yake yokha mutha kuona pa intaneti, mwaulere, zotsatira za MOT za zaka zam'mbuyo: mtunda womwe inali itayenda chaka ndi chaka komanso zomwe oyeza anazipeza zolakwika. Pafoni yomweyo mukuonerapo zithunzi, izi zimangotenga mphindi zochepa. Mukaonanso mawu oti Cat S, dziwani kuti a inshulansi anaichotsapo m'mabuku mwawo itawonongeka thupi lenilenilo.

Kwa a ku Joni, msampha waukulu ndi mapepala. Galimoto yolembedwa Code 3 ndi yomwe inaonongeka kwambiri kenako n'kumangidwanso. Ina imakhala kuti ngongole yake ya kubanki sinathe, ndipo popanda kalata ya bankiyo simungatuluke nayo pachipata. Ina ndi yobedwa, ndiye chifukwa chake galimoto yomwe mukufuna kudzailembetsa kuno imafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti ilibe mlandu. Palinso china chomwe achinyamata ena sachidziwa: dziko la South Africa sililola kuti magalimoto a kaunjika ochokera kunja azingolembetsedwa m'dzikomo. Omwe mumawaona ku Durban aja ndi odutsa, akupita kumaiko oyandikana nalo. Ukagula imeneyo usaganize kuti ukatha Khrisimasi ubwerera nayo ku Joni kuti uzikayendera.

Tsopano tinene kuti galimoto ndi yabwino, mapepala ali bwino. Mtengo womwe mwauona pafoni uja si mtengo wake wonse. Ya ku Japan iyenera kukwera sitima, kutsika padoko la Dar es Salaam, kuyendetsedwa mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga, ndipo paliponse pamenepo pali wolipidwa. Kenako a MRA akudikira. Msonkho wawo umatengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, moti galimoto yakale ya injini yaikulu, yomwe kunja imaoneka ngati yaulere, ndi yomwe imalumidwa kwambiri pachipata. Ndipo amene walowa ndi galimoto ya nambala yakunja pachilolezo cha masiku owerengeka akumbuke kuti chilolezocho chimatha. Kuisiya kwa mng'ono wako osalipira msonkho n'kumusiyira mlandu, tsiku lina adzailanda pamsewu iwe uli phee ku Randburg.

Musaiwalenso kuti inu mumalandira marandi kapena mapaundi, pomwe amene mukumusiyira galimotoyo amalandira makwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pafupifupi chilichonse cha galimoto, kuyambira matayala, batire, oyilo mpaka mabuleki, chimachokera kunja. Chomwe kwa inu ndi ndalama ya Loweruka limodzi, kwa mphunzitsi wa kupulayimale ndi malipiro a mwezi. Onjezanipo inshulansi, COF ndi mafuta. Tonse tawaona mizere ya pamalo omwetsera mafuta zaka zapitazi. Injini ya V6 imakoma kuimva ikulira pagombe la nyanja, koma pamzere wa petulo sikoma ayi.

Nanga ikadwala, aichiza ndani? Pitani ku Biwi kapena ku Ndirande mukafunse sipeya ya Vitz, Sienta, Corolla kapena Hilux. Simuchedwa, ndipo amakaniko ake ali ponseponse. Kafunseni tsono za galimoto ya ku Ulaya yoyendera makompyuta, yamasipuling'i a mpweya, kapena ya dizilo yokhala ndi sefa ya utsi ija imatsekeka ukamayenda timaulendo tifupitifupi. Sipeya muitanitsa kunja, mudikira masabata, ndipo makaniko wodziwa kuimanga muchita kumusaka. Ndani sanaonepo galimoto yapamwamba itakhazikidwa pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira? Zambiri mwa izo zinabwera ndi nthungululu mu Disembala wina wake.

Misewu nayo ili ndi mawu ake. Disembala ndi nthawi ya mvula. Ochokera ku Joni pamsewu ali ndi mtunda woposa makilomita 1,500, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka kudzalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Galimoto yogulidwa dzulo, yomwe simunaiyese n'komwe, si yoyambira nayo ulendo wotere muli ndi ana kumbuyo. Ndipo yotsika kwambiri ija, yokongola pa N1, ikafika pamsewu wafumbi wopita kwa agogo imakhala ikukwapula mimba pansi.

Wina anena kuti, ndiye mukufuna tonse tiziyendera Vitz? Ayi, si choncho. Taonani anyamata a ku Soweto ndi BMW 325i yawo ija amaitcha Gusheshe. Ndi galimoto ya zaka zoposa 30, koma mpaka lero ikuzungulira m'mabwalo, chifukwa eni ake amaidziwa bawuti iliyonse, amadziwa kopeza sipeya, ndipo ali nayo pafupi tsiku ndi tsiku. Kukonda galimoto n'kumeneko. Ngati mtima wanu uli pa galimoto yovuta kusamala, igulireni komwe mukukhalako, muziisamala nokha. Yosiyira abale kumudzi ikhale yoti iwo angaikwanitse. Ndipo ngati cholinga n'kungoyendera pa tchuthi, kubwereka galimoto ya hayala kwa sabata ziwiri kulibe manyazi. Mukatha mumabweza makiyi, mutu uli myaa.

Chomwe chimandisangalatsa ndi magulu a okonda magalimotowa n'choti nzeru zilimo kale. Mumapezeka makaniko, woyendetsa mathiraki yemwe zipata zonse amazidziwa, komanso wina amene anaitanitsapo galimoto kangapo. Nzeru zimenezi zigwire ntchito ndalama isanatuluke. Mnzanu akaonetsa galimoto yomwe akufuna kugula, musathamangire kumuombera m'manja. Mufunseni nambala ya chasisi, mbiri yake, msonkho wake, ndi yemwe adzakhale nayo iye akabwerera. Safunsa anadya phula.

Ndipo munthu wofunika kwambiri pankhaniyi ndi amene nthawi zambiri safunsidwa: wotsala nayo uja. Muimbireni musanagule. Kodi ali ndi laisensi? Ali ndi poisunga usiku? Mafuta ndi sevisi azilipira ndani? Bulubuku ikhala m'dzina la ndani? Mwina iye akadakonda Sienta yoti azinyamulira anthu n'kumapezapo ya ndiwo ndi fizi ya ana, osati Benz yongoimika pakhomo. Mabanja ena asemphana chifukwa cha galimoto yomwe inabwera ngati mphatso, wakunja akuti mwaiononga, wakumudzi akuti munatisiyira chimtolo.

Kumanani ndithu, wotchani nyama, tsegulani mabonati muonetsane mainjini, ndipo amene wamwa apereke makiyi kwa mnzake. Koma pampikisano wa chaka chino musaone yemwe wafika pa galimoto yonyezimira kwambiri. Muone yemwe galimoto yomwe anasiya chaka chatha ikuyendabe.