Godzilla anabadwira pabenchi la nsomba

Abale anga apamsika, sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambe za Godzilla, chilombo chija ambirife tinkachionera m'mavidiyo shoo tili pa mabenchi, chikuphwasula nyumba za ku Tokyo ngati mwana akupondaponda zigoba za machesi. Ine ndinkangoti ndi nthano zoopsezera ana. Kumeneko ndinalakwa, chifukwa nkhani yake inayambira pa malonda a nsomba, ngati anu omwewa a mayi.

Pa 1 Malichi 1954, dziko la America linayesa bomba la nyukiliya pa zilumba za Bikini m'nyanja ya Pacific. Bwato la asodzi a ku Japan lotchedwa Daigo Fukuryu Maru linali chapatali likuwedza. Phulusa la bombalo linawagwera asodzi onse 23, ndipo pofika kwawo anali akudwala. Mmodzi wa iwo, Aikichi Kuboyama, anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho. Nanga nsomba zawo? Zina zinali zitafika kale pamsika waukulu wa Tsukiji ku Tokyo, ndipo anachita kuzikwirira m'dzenje. Anthu anachita mantha, nsomba osagulanso, mitengo inagwa. Inu amene munaonapo tsiku likutha dengu lili chidzadzire chifukwa cha mphekesera ya matenda, mukudziwa mmene mtima umawawira.

Mkwiyo umenewu ndi umene Tomoyuki Tanaka wa kampani ya Toho ndi wotsogolera filimu Ishiro Honda anauika m'chilombo. N'chifukwa chake filimuyo imayamba ndi sitima ikupsa panyanja, kenako asodzi akubwerako chimanjamanja. Dzina lenileni ndi Gojira, kuphatikiza mawu awo a gorila ndi a namgumi.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi: m'kati mwa chilombocho munali munthu. Katswiri wawo Eiji Tsuburaya ankafuna kugwiritsa ntchito kachidole, kumakasuntha pang'onopang'ono uku akujambula monga anachitira pa King Kong mu 1933. Atawerengera anapeza kuti zitenga zaka, pomwe mabwana akufuna filimu chaka chomwecho. Basi anangoti tisoke chovala, wina alowemo.

Wolowamoyo anali Haruo Nakajima, mnyamata wa zaka 25, wosinthana ndi mnzake Katsumi Tezuka. Chovala choyambacho chinkalemera pafupifupi makilogalamu 100. Tangoganizani, matumba awiri a chimanga, osati paphewa ngati anyamata aganyu aja, koma thupi lonse lili m'katimo, ukuonera pa timabowo ta pakhosi pa chilombo. Pamwamba pake magetsi ojambulira akuotcha. Mphindi zochepa zokha munthu ankalefuka, nthawi zina mpaka kukomoka, ndipo akamutulutsa anzake ankachita kukhuthula thukuta m'chovalamo. Eee, ndalama imavuta kulikonse!

Komabe mkuluyu sanaitenge ngati ntchito yonyozeka. Ankapita kumalo osungira nyama ku Ueno kukayang'ana mmene njovu ndi zimbalangondo zimayendera, kuti chilombo chisamayende ngati bambo wochokera kumowa. Tinyumba tija ankatiphwanya tinali tating'ono, tomangidwa ndi manja mosamala kwa masiku ambiri. Akaponda molakwika ndiye kuti amisiri ayambirenso kumanga. Ndiuzeni ngati inu simukananjenjemera.

Kulira kwake nakonso, musaganize kuti anajambula mkango. Woimba nyimbo za filimuyo, Akira Ifukube, ndiye anapeza nzeru: kukhukhuza golovesi yachikopa yopakidwa utomoni pa zingwe za chida chachikulu choimbira, chofanana ndi babatoni wathu, kenako n'kuchedwetsa liwu lake.

Filimuyo inatuluka pa 3 Novembala 1954, ndipo anthu oposa 9 miliyoni anakaionera ku Japan. Itapita ku America mu 1956, eni ake a bomba aja anaidula, n'kulowetsamo mzungu wawo Raymond Burr, ndipo zambiri zodandaula za nyukiliya zinatsala panja. Ochenjera amenewo, eti?

Nakajima anapitiriza kulowa m'chovala cha Godzilla m'mafilimu 12 mpaka 1972, ndipo anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 88. Ine dzulo ndaioneranso filimu ya 1954 ija pafoni ya mdzukulu wanga. Nyumba zikugwa, mwanayo akuseka, ine maso ali pakhosi pa chilombo kufunafuna timabowo tija.