Chitsulo sichilakwa, cholakwa ndi pomwe tachikhazika

Alimi anzanga, mwezi wathawu ndinaitanidwa ku Senga Bay, chakumsewu wopita ku Lifuwu, kukaona shedi ya mlimi wina wa mpunga. Bamboyu anamanga nsanja m'kati mwa shedi yake kuti matumba asamagone pansi pomwe pamakhala chinyontho. Nzeru yabwino ndithu. Anagula zitsulo ziwiri kwa ogulitsa zakutha, nazigoneka pamwamba pa khoma, nayala matabwa, n'kukwezapo matumba 60. Patangopita masabata atatu khoma linang'ambika kuchokera pomwe panakhala chitsulo mpaka pansi. Mwayi wake ana anali kusukulu pamene nsanja inapendekeka.

Iye akuti zitsulo ndi zachabe, ndipo abwerera ku mitengo. Ine ndikukana.

Mitengo yomwe makolo athu ankadalira, monga muwanga ndi tsanya, lero simungaipeze pafupi, ndipo yotsalayo siyofunika kuigwetsa. Chomwe chimapezeka pamsika ndi bulugama wodula ali wamng'ono, wosauma, amene chiswe cha kuno kunyanja chimamudya ngati nsima. Kuonjezera apo pali nankafumbwe wamkulu uja amene analowa m'dziko muno kudzera ku Karonga mu 1991. Ameneyu sadya chimanga chokha. Amaboolanso mitengo ya nkhokwe n'kubisalamo kudikira zokolola za chaka chamawa. Chitsulo sangachiboole, ndipo chiswe chimangodutsa. Motero kwa munthu amene akufuna nsanja yotakata, yopanda nsanamira zambiri pakati, chitsulo ndicho chanzeru.

Koma tiyeni tiwerengere. Matumba 60 a makilogalamu 50 ndi matani atatu, katundu wodzaza lole yaing'ono. Zitsulo ziwiri zili ndi nsonga zinayi, ndiye kuti nsonga iliyonse ikukanikiza khoma ndi makilogalamu 750, pamalo aang'ono ngati chikhatho. Khoma la bamboyu linali la njerwa zootcha inde, koma zomangira dothi. Nanga likanapirira bwanji? Chitsulo chinagwira ntchito yake. Khoma ndilo linapatsidwa ntchito yosakhala yake.

Pansi pa nsonga iliyonse pafunika chipilala chakechake, chomangidwa ndi simenti, choyambira pa maziko akonkire otakata, pakuti nthaka ya ku Senga Bay ndi mchenga. Pamwamba pa chipilalacho paikidwe konkire kapena chitsulo chaphanthiphanthi, ndipo mtanda umangiriridwe ndi mabawuti, osati kungougoneka. Achikulire a ku Salima akukumbukira chivomezi cha pa 10 March 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri ndi kupha anthu m'boma lino. Tili m'chigwa momwe nthaka imagwedezeka. Matani atatu ali pamwamba pa mutu, pa mtanda wosamangirira, ndi msampha.

Chinanso chimene anthu sachidziwa ndi chakuti utali wa mpata ndiwo umapha mtanda. Mpata ukatalika kawiri, matumba n'kusanjidwa mofanana pa mita iliyonse, mtanda umavutika kanayi, ndipo kupindika kwake kumachuluka ka 16. N'chifukwa chake chitsulo chomwe chinakhala bwino kwa mnansi wanu pa mamita atatu chingathe kukugwerani pa mamita asanu ndi limodzi. Nsanamira imodzi pakati imachotsa vuto lalikulu, ndipo kawirikawiri imatchipa kuposa kugula chitsulo chokulirapo. Mtandawo uziima chilili, mbali yaitali iloze kumwamba. Tengani thabwa muligoneke, muponde pakati, kenaka muliimike cham'mbali mupondenso, mudzaona nokha kusiyana kwake. Zitsulo zokhala ngati lemba I anazipanga motero pa chifukwa chomwechi. Mapaipi opyapyala ndi tizitsulo ta mageti musatiyese n'komwe.

Za zitsulo zakutha ndili ndi mawu awiri. Ngati dzimbiri likusendeka m'magawo mukagogoda ndi hamala, chisiyeni, ngakhale atakutsitsirani mtengo. Ndipo wina akakubweretserani chidutswa cha njanji usiku, dziwani kuti ndi chakuba ndipo mlandu udzagwera inu. Njanji inafika ku Salima mu 1935 kudzanyamula katundu, osati kudzakhala m'mashedi mwathu.

Ena amandiuza kuti kunyanja chitsulo chimaola msanga. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho vuto si lalikulu monga ku Beira. Chomwe ndaona chikudya zitsulo kuno ndi feteleza ndi mchere zosungidwa m'shedi momwemo, ndiponso denga lodontha. Palani dzimbiri ndi bulashi yawaya, pakani penti yofiira ija ya red oxide kawiri, makamaka moootcherera, ndipo feteleza akhale kwina.

Sindikunena kuti nsanja yonse ikhale yachitsulo. Mitanda ikuluikulu yokha ndiyo ifunika chitsulo. Yopingasa ndi matabwa zikhale za mtengo wouma wothira mankhwala, zosiya timipata kuti mphepo izidutsa pansi pa matumba. Koma musanagule kanthu, yezani mpata, werengani matumba amene mudzakweze m'chaka cha zokolola zambiri, ndipo mupite nazo kwa injiniya kapena mmisiri wophunzira ntchito ya zomangamanga. Woootcherera wa pamsika amadziwa kulumikiza zitsulo, koma kuwerengera kulemera si ntchito yake.

Bambo uja ndinamuuza kuti asagulitse zitsulo zake. Tagwirizana kuti amange zipilala zinayi ndi nsanamira ziwiri pakati mvula isanayambe, ndipo pakadali pano matumba ali pa mathandala pansi.